DZANZI LA M'MANJA NDI CHITHANDIZO CHA MAFIZO

1.0 Mawu Oyamba

Mlembi, mkonzi ndi mphunzitsi onse amadyera dzanja. Dzanja likafooka, cholembera chimapulumuka, makope a ana asukulu amaunjikana osachongedwa, ndipo nkhani yoyenera kupita kosindikiza imachedwa. Mwa matenda amene amagwira dzanja muli ena amene madokotala amawatchula m'Chingerezi kuti carpal tunnel syndrome. Wodwala matendawa amadzidzimuka pakati pa usiku zala zitachita dzanzi, nayamba kukutumula dzanja monga munthu amene wakhudza mphika wotentha. Ambiri amangoti adagonera mkono, ndipo amapita kuchipatala patatha miyezi kapena zaka, mtsempha utawonongeka kale.

M'nkhani ino tifotokoza chimene chimachitika m'kati mwa dzanja, ndiponso chithandizo chimene akatswiri a mafizo amapereka pamatendawa. Tiyamba ndi mawu amene tigwiritse ntchito, pakuti wolemba timabuku ta zaumoyo kapena nkhani za pawailesi akasankha mawu molakwika, amasocheretsa wodwala amene amafuna kumuthandiza.

2.0 Mawu Amene Tigwiritse Ntchito

Vuto lalikulu lili pa liwu lakuti mtsempha. M'kulankhula kwa tsiku ndi tsiku liwuli limaimira zinthu zitatu zosiyana m'thupi. Munthu akauzidwa kuti mtsempha wapanikizika, amaganiza kuti magazi sakuyenda, ndipo amayamba kuthowa dzanja ndi madzi otentha kapena kukatemetsa mphini, chonsecho vuto silili m'magazi. Motero m'nkhani ino tisiyanitsa motere:

(a) mtsempha wa magazi: njira imene magazi amayendamo.

(b) mtsempha wa uthenga: chingwe chofewa chimene chimatenga uthenga kuchokera kukhungu kupita kuubongo, ndi kuchokera kuubongo kupita kuminofu. Ndi umene umatidziwitsa kuti chinthu n'chotentha, n'chozizira kapena n'chobaya.

(c) nsinga: zingwe zoyera ndi zolimba zimene zimalumikiza mnofu ku fupa. Aliyense amene adasendapo mwendo wa mbuzi kapena kukoka zala za nkhuku yophedwa adaziona.

(d) mfundo ya dzanja: polumikizira dzanja ndi mkono, pamene timavala wotchi.

(e) mpita: kanjira kopapatiza ka pamfundo ya dzanja kamene tikafotokoze m'munsimu. Liwuli talibwereka kwa osaka mbewa.

(f) mafizo: chithandizo cholimbitsa ndi kuwongola ziwalo popanda kumwa mankhwala kapena kung'amba thupi. Liwuli lidachokera ku Chingerezi koma lidakhazikika kale m'zipatala ndi m'midzi, ndipo palibe chifukwa cholikanira.

(g) chochirikiza: chovala cholimba chomanga pamfundo ya dzanja, chimene munthu amatha kuvala ndi kuvula yekha. Tisachisokoneze ndi chikhakha, chimene amaumba pafupa lothyoka ndipo sichivulidwa mpaka tsiku lake litakwana.

Dzina la matenda enieniwo m'Chichewa tingati kupanikizika kwa mtsempha pamfundo ya dzanja. Mawu akuti dzanzi la m'manja ndi afupi ndi omveka, koma akunena chizindikiro chabe, ndipo dzanzi limabweranso ndi matenda ena. N'kwabwino kuti mlembi atchule dzina la Chingerezi kamodzi kumayambiriro kwa nkhani yake, popeza ndilo limene dokotala amalemba m'buku la kuchipatala la wodwala.

3.0 Chimene Chimachitika M'dzanja

Pamfundo ya dzanja pali timafupa 8 tondandalikana m'mizere iwiri. Timafupati tidapindika ngati ngalande, ndipo pamwamba pa ngalandeyo, kumbali ya chikhatho, padayalidwa lamba wolimba amene satamuka. Ngalande yovindikiridwayi ndiyo mpita. Mumpitamu mumadutsa nsinga 9 zopinda zala, pamodzi ndi mtsempha wa uthenga umodzi wotchedwa median. Mtsempha umenewu ndiwo umapereka mphamvu ya kumva ku chala chachikulu, chamkombaphala, chapakati ndi theka la chala chovala mphete. Umalamuliranso minofu ya patsinde pa chala chachikulu. Chala chaching'ono chili ndi mtsempha wakewake umene sudutsa mumpita, ndipo ichi n'chifukwa chake pamatendawa chala chaching'ono sichichita dzanzi.

Popeza pansi pa mpita ndi mafupa ndipo pamwamba ndi lamba wosatamuka, chilichonse chotupa m'katimo chimasowa kolowera. Chimene chimavutika ndi mtsempha wa uthenga chifukwa ndiwo wofewa koposa zonse. M'chaka cha 1981 dokotala wa ku America, Richard Gelberman, ndi anzake adayeza kupanikizika kwa mumpita ndi muyeso womwewo umene timayezera kuthamanga kwa magazi. Mwa anthu abwinobwino adapeza pafupifupi 2.5 dzanja lili chowongoka. Mwa odwala adapeza 32, ndipo dzanja likapindidwira kutsogolo kapena kumbuyo chiwerengerocho chinkapitirira 90. Manambala amenewa ndiwo maziko a chithandizo chonse cha mafizo: mfundo ya dzanja ikawongoka mtsempha umapuma, ikapindika umafinyika. Anthu ambiri amagona manja atapindika, n'chifukwa chake dzanzi limakula usiku.

Matendawa si achilendo. Sir James Paget wa ku London adafotokoza za kupanikizika kwa mtsempha umenewu m'chaka cha 1854, ndipo George Phalen wa ku Cleveland ndiye adawadziwitsa kwa madokotala ambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1950.

4.0 Zizindikiro ndi Zoyambitsa

Poyamba munthu amamva dzanzi ndi kunyerenyesa m'zala zimene tatchulazi, makamaka usiku ndi m'bandakucha, kapena pogwira chinthu nthawi yaitali monga foni, buku kapena chiwongolero. Nthawi zina ululu umakwera mpaka kuchigongono. Matenda akakula dzanzi silichokanso, munthu amalephera kumanga mabatani kapena kutola singano, makapu amamupulumuka, ndipo mnofu wa patsinde pa chala chachikulu umaphwa n'kusiya kadzenje. Akuluakulu adati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Chala chachikulu chikasiya kukumana ndi zinzake, dzanja lonse lasanduka chopalasira chabe.

Amayi amadwala matendawa kuposa abambo, makamaka a zaka zapakati pa 40 ndi 60. Zinthu zimene zimawonjezera chiopsezo ndi izi: pathupi, matenda a shuga, kufooka kwa chithokomiro, nyamakazi yotupitsa mfundo, kunenepa kwambiri, ndi kuthyoka kwa fupa pamfundo ya dzanja. Kuntchito, umboni wamphamvu ukuloza kugwira zinthu mofinya ndi mobwerezabwereza, ndiponso zipangizo zonjenjemera monga makina oboolera ndi odulira. Pano alembi achenjere. Nkhani zambiri zimatchula matendawa kuti ndi matenda a kompyuta, koma kafukufuku sadapeze umboni wolimba wakuti kutaipa pakokha kumawayambitsa. Chodziwika n'chakuti kutaipa kapena kulemba nthawi yaitali dzanja lili chopindika kumautsa zizindikiro mwa munthu amene ali nalo kale vutoli.

Si dzanzi lililonse limene limachokera mumpita. Mtsempha ungapanikizike m'khosi, shuga angawononge mitsempha ya m'manja ndi m'mapazi momwe, ndipo khate nalo limachititsa dzanzi. Dzanzi lobwera mwadzidzidzi pamodzi ndi kupotoka kwa kamwa kapena kulephera kulankhula ndi chizindikiro cha sitiroko, ndipo wotereyo athamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo.

5.0 Kuyeza

Katswiri wa mafizo asanayambe chithandizo amafunsa mbiri ya vutolo ndi kuyeza dzanja. Njira zodziwika zilipo zitatu. Yoyamba, yotchedwa ndi dzina la Phalen, ndi kupinda mfundo ya dzanja kwa mphindi imodzi n'kuona ngati dzanzi libwera. Yachiwiri, yotchedwa ndi dzina la Jules Tinel wa ku France amene adailemba m'chaka cha 1915, ndi kugogoda pang'onopang'ono pamene mtsempha ukudutsa. Wodwala amamva ngati kamagetsi kakuthamangira kuzala. Yachitatu, imene John Durkan adaifotokoza m'chaka cha 1991, ndi kusindikiza chala pampita kwa masekondi 30. Kumene kuli zipangizo, amayezanso liwiro limene uthenga ukuyendera mumtsempha. Cholinga cha zonsezi n'kudziwa ngati matenda ali poyambira, pakati kapena afika poipa, pakuti mafizo amathandiza kwambiri pamagawo awiri oyambawo.

6.0 Njira za Chithandizo cha Mafizo

6.1 Chochirikiza cha usiku

Iyi ndiyo njira yoyamba ndiponso yotsika mtengo. Wodwala amavala chochirikiza pogona kuti mfundo ya dzanja isapindike m'tulo. Chiyenera kugwira dzanja chowongoka, molingana ndi mkono, zala zili zomasuka. Zochirikiza zina za m'masitolo zili ndi kachitsulo kopindikira kumbuyo, ndipo katswiri amakawongola kuti kagwirizane ndi dzanja la mwini wake. Kumanga kothina kumawonjezera vuto lomwe tikufuna kuchotsa. Kuvala usana wonse si kofunika, kupatula pogwira ntchito imene imautsa dzanzi, chifukwa dzanja lomangidwa nthawi zonse limauma ndi kufooka. Kusintha kumayamba kuoneka pakatha milungu ingapo, ndipo kawirikawiri amadikira milungu 4 mpaka 6 asanagamule ngati njirayi yathandiza. Apa m'pamene odwala ambiri amalakwitsa: amavala masiku atatu, n'kutaya chochirikizacho pansi pa bedi.

6.2 Kutsetsereka kwa nsinga

Nsinga zimayenera kutsetsereka mumpita monga chingwe cha chitsime chimatsetserekera pamtanda. Masewero otsatirawa amathandiza kuti zisamatirire ndiponso kuti madzi otupitsa achepe. Mfundo ya dzanja ikhale yowongoka nthawi yonse, ndipo dzanja libwerere pa (a) lisanapite pakaimidwe kotsatira.

(a) Tambasulani zala zonse ziloze kumwamba.

(b) Pindani mfundo ziwiri zakumapeto kwa zala kuti zikhale ngati mbedza, monga pogwira chogwirira ndowa.

(c) Fumbatani chibakera chonse.

(d) Pindani zala patsinde pokha, zikhale zowongoka ngati denga la khonde.

(e) Pindani patsinde ndi pakati kuti nsonga za zala zikhudze kumunsi kwa chikhatho.

Pakaimidwe kalikonse dikirani masekondi pafupifupi 5. Akatswiri ambiri amalangiza kubwereza kasanu kapena kakhumi, maulendo angapo patsiku.

6.3 Kutsetsereka kwa mtsempha

Mtsempha wa uthenga nawonso umasuntha pang'ono mumpita pamene dzanja likuyenda. Masewero ake, amene Totten ndi Hunter adawalongosola m'chaka cha 1991, ali ndi masitepe 6: kufumbata chibakera, kutambasula zala chala chachikulu chili chogundana ndi zinzake, kupindira dzanja kumbuyo, kutalikitsa chala chachikulu, kutembenuza chikhatho kuti chiyang'ane kumwamba, ndipo pomaliza kukoka chala chachikulu pang'ono ndi dzanja linalo. Mtsempha wa uthenga sufuna kukokedwa mwamphamvu ngati mnofu. Dzanzi likayamba pa sitepe ina, wodwala alekere pomwepo, ndipo likapitirira atamaliza masewero, ndiye kuti wapyola muyeso. Ndi bwino kuphunzira masewerowa pamaso pa katswiri musanayambe kuchita panokha.

Tiyenera kunena mosabisa za mphamvu ya masewero awiriwa. Bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kusanthula zotsatira za kafukufuku wa zachipatala, lidaunika nkhaniyi m'chaka cha 2012 ndipo lidapeza kuti umboni wa phindu lake ndi wochepa. Masewero salira ndalama ndipo savulaza akachitidwa mosamala, koma ndi othandizira chochirikiza, osati olowa m'malo mwake.

6.4 Chithandizo cha manja a katswiri

Katswiri amatha kufewetsa minofu ya mkono, phewa ndi khosi m'njira yonse imene mtsempha umadutsa, ndi kusuntha timafupa ta pamfundo ya dzanja mosamala. Pakafukufuku wina wa ku Spain wofalitsidwa m'chaka cha 2015, amayi 120 adagawidwa pawiri: ena adalandira chithandizo chotere, ena adachitidwa opaleshoni. Patatha chaka, magulu awiriwa adapezeka kuti akupeza bwino mofanana. Komabe chithandizochi n'chosiyana ndi kutikita kwa kunyumba. Kufinya mwamphamvu pamfundo ya dzanja ndi mafuta otentha kumangopanikiza mtsempha wovulala kale.

6.5 Makina

M'zipatala zina muli makina a ultrasound, a laser ndi ena opereka magetsi ofooka pakhungu. Odwala ambiri amawakhulupirira kuposa masewero chifukwa amaoneka apamwamba. Zoona zake n'zakuti umboni wa phindu lawo ndi wofooka, ndipo pamene phindu laoneka limakhala la kanthawi. Wodwala wochokera kutali asadandaule kuti chipatala chake chilibe makinawa. Za zibangili za maginito zimene amalonda amatsatsa, bungwe la American Academy of Orthopaedic Surgeons lidalangiza m'chaka cha 2016 kuti zisagwiritsidwe ntchito pamatendawa.

6.6 Kusintha kagwiridwe ka ntchito

Chithandizo cha usiku chimapita pachabe ngati usana dzanja likubwerera kuzimene zimalipweteka. Wotaipa aike kiyibodi pamsinkhu wa chigongono, manja ali owongoka, ndipo asatsamiritse mfundo ya dzanja pamphepete pa tebulo. Wolemba ndi wochonga asankhe cholembera chonenepa, kapena akulunge kansalu pacholembera chowonda, kuti asachite kufinya. Mphunzitsi wokhala ndi makope ambiri awagawe m'milu ing'onoing'ono, napumitsa dzanja pakati pake. Mpini wa khasu, wa hamala kapena wa mpeni ukhale wodzaza dzanja. Pofinya zovala, wodwala apemphe mnzake kapena azipotokola atazikoleka pamtengo. Amene ali ndi shuga kapena vuto la chithokomiro alandire chithandizo cha matendawo, ndipo wonenepa kwambiri achepetse thupi. Amayi apakati alimbe mtima: mwa ambiri dzanzi limatha lokha pakapita milungu kapena miyezi atachira, ndipo chochirikiza chimakwanira podikira nthawiyo.

7.0 Pamene Mafizo Sakwanira

Dzanzi likapitirira ngakhale wodwala watsata zonsezi, dokotala angabaye jakisoni wa steroid mumpita kuti kutupa kuchepe. Kafukufuku wa ku England wofalitsidwa m'chaka cha 2018 adaonetsa kuti patatha milungu 6 obayidwa jakisoni adali kupeza bwino kuposa ovala chochirikiza usiku. Komabe mwa anthu ambiri zizindikiro zimabwerera pakapita miyezi.

Njira yomaliza ndi opaleshoni yodula lamba uja wovindikira mpita kuti mtsempha upeze malo. Ndi opaleshoni yaifupi, yochitika munthu ali maso dzanja lokha litaphedwa dzanzi, ndipo wodwala amabwerera kwawo tsiku lomwelo. Pakafukufuku wa ku Netherlands wa m'chaka cha 2002, wokhudza odwala 176, anthu 80 mwa 100 alionse ochitidwa opaleshoni adali atapeza bwino patatha miyezi itatu, poyerekeza ndi 54 mwa 100 ovala chochirikiza. Patatha miyezi 18 ziwerengerozo zidali 90 ndi 75, koma pofika nthawiyo anthu 41 mwa 100 a m'gulu la chochirikiza adali atachitidwa opaleshoni nawonso. Phunziro lake ndi lakuti chochirikiza chimapulumutsa anthu ambiri kumpeni, koma osati onse.

Zizindikiro zosafuna kudikira ndi izi: dzanzi losachoka usana ndi usiku, kufooka kwa chala chachikulu, ndi kuphwa kwa mnofu wa patsinde pake. Wotereyu akaonane ndi dokotala wa mafupa msanga, chifukwa mtsempha wofinyika nthawi yaitali suchira kwathunthu ngakhale opaleshoni itachitika bwino. Ikatha opaleshoni, a mafizo amathandizanso kuyendetsa zala, kufewetsa chipsera ndi kubwezeretsa mphamvu ya kugwira.

8.0 Kumene Chithandizo Chimapezeka

M'Malawi muno nthambi za mafizo zili m'zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, ndiponso ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre. Maphunziro a digiri ya mafizo adayamba m'chaka cha 2010 ku College of Medicine, sukulu imene m'chaka cha 2021 idakhala gawo la Kamuzu University of Health Sciences. Wodwala ayambire kuchipatala chapafupi, kumene angayezedwe shuga ndi matenda ena, n'kupatsidwa kalata yomutumiza kwa akatswiri.

9.0 Mawu Otsiriza

Tikupempha alembi, akonzi ndi aphunzitsi kuti polemba kapena pophunzitsa za matendawa asamale zinthu zitatu. Choyamba, asiyanitse mtsempha wa uthenga, mtsempha wa magazi ndi nsinga, kuti wowerenga adziwe chimene chavulala. Chachiwiri, atchule zala zimene zimachita dzanzi ndi chimene sichichita, pakuti chizindikiro chimenechi munthu angachione yekha ali kunyumba. Chachitatu, apewe mawu akuti mafizo amachiza matendawa. Mawu oyenera ndi akuti amachepetsa zizindikiro, makamaka matenda akadali poyambira, ndipo wodwala akaona kuti milungu 6 yatha popanda kusintha, abwerere kuchipatala ndi buku lake m'manja.